Chifukwa chake anthu ankagula makina a Sun n'kukana mawindo a Sun

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 m'mayunivesite ndi m'malabu a ku America ndi ku Ulaya munkachitika zinthu zoti ukamva koyamba umaona ngati anthuwo mutu sunkayenda bwino. Dipatimenti yagula workstation, kompyuta yamphamvu ya munthu mmodzi yoyendera Unix, yatsopano ya kampani ya Sun Microsystems, ndalama zosayamba, SPARCstation 1 ija itatuluka mu 1989 inkayambira pafupifupi madola 9,000 ndipo imeneyo ndi yopanda ndi disiki yomwe, nde makina afika, alumikiza zonse, kenako sysadmin, woyang'anira makompyutawo, ntchito yake yoyamba ikukhala kuika pambali pulogalamu ya mawindo imene a Sun eni ake apereka n'kuikapo ina yaulere yochokera ku yunivesite ya MIT. Sikuti anthuwa ankafuna kupulumutsa ndalama ayi, ya Sun inali italipiridwa kale limodzi ndi makinawo. Inkangowatopetsa basi. Ndipo kuti mumvetse chimene chinkatopetsa komanso chifukwa chake kunali kotheka kuichotsa, tiyambe taona mmene zinthuzi zinamangidwira.

Pa Windows kapena pa Mac zonse zimene mumaona pa sikirini zimabwera ngati chinthu chimodzi, simungachotse mafelemu a mawindo n'kusiya mabatani. Pa Unix sizinali choncho chifukwa cha X Window System. X inayambira ku MIT mu 1984, Bob Scheifler ndi Jim Gettys, mbali ina chifukwa cha Project Athena imene inali ndi makina a DEC ndi a IBM osakanikirana ndipo pankafunika njira imodzi yojambulira pa onsewo. Mtundu wa 11, umene timangoti X11 mpaka lero, unatuluka mu September 1987. Pansi penipeni pali seva, pulogalamu imene imagwira sikirini, kiyibodi ndi mausi, ndipo imakhala pa makina amene mwakhalapo inuyo. Mapulogalamu anu, kaya ali pa makina omwewo kaya ali pa makina ena kuseri kwa nyumba, amangotumiza mauthenga kwa seva kuti ndijambulire mzere apa, ndilembere mawu awa apa. Pamwamba pake pali toolkit, ndiye imene imapanga mabatani, mamenyu ndi ma scrollbar. Ndiyeno pali window manager, kapulogalamu kapadera kamene ntchito yake ndi kuika felemu pa windo lililonse, kukulolani kulikoka, kulikulitsa, ndi kusankha kuti zimene mukutaipa zipite windo liti. Anthu a X anachita dala kusalamula maonekedwe, ankati iwo apereka zida zokha, za kuti batani lioneke bwanji aliyense aone yekha. Apa mpamene panachokera ufulu wonse, komanso chisokonezo chonse.

A Sun anali ndi zawo kale X isanatchuke. SunView, imene poyamba inkatchedwa SunTools, inali yachangu ndithu koma inali yomangiriridwa ku kernel, phata la SunOS imene inali Unix ya Sun, pulogalamu siikanaonekera pa sikirini ya makina ena kudzera pa netiweki. Nde mu 1986 anatulutsa NeWS, ntchito ya James Gosling ndi David Rosenthal, Gosling yemwe uja anadzapanga Java pambuyo pake. Ine ndimaona kuti NeWS inali yanzeru kuposa X pa zinthu zingapo, tisamainyoze. Inkagwiritsa ntchito chinenero cha PostScript, chimene ma printa abwino ankamva, ndipo m'malo motumiza kauthenga pa kachinthu kalikonse, pulogalamu inkatha kutumiza kachidutswa ka code kuti kazikathamanga mu seva momwemo. Ndiye kuti mukatsegula menyu, seva inkayankha yokha osadikira kuti uthenga upite pa waya n'kubwerera. Ndi ganizo lomwe lija limene lero browser yanu imagwiritsa ntchito ikamathamangitsa JavaScript. Mawindo ankatha kukhala ozungulira, zilembo zinkakula kapena kuchepa mmene mungafunire. Vuto linali loti NeWS inali ya Sun, ofuna source code ankalipira laisensi, pamene X aliyense ankangotenga. DEC, HP ndi IBM sakanalola kuti mdani wawo pa msika akhale mwini wa sikirini ya makina awo, nde onse anathamangira ku X. Kampani ya SGI inayesako NeWS mu pulogalamu yake ya mawindo ya 4Sight koma pofika IRIX 4.0, Unix yawo, mu 1991 nayo inasamukira ku X.

Apa a Sun anapanga chisankho chimene chinabala madandaulo ambiri. Sanafune kutaya NeWS, koma sakanakananso X poti makasitomala ankaifuna, nde anaziphatikiza mu seva imodzi yotchedwa xnews, imene inkamva X11, inkamva NeWS, n'kumalolanso mapulogalamu akale a SunView kuonekera pa sikirini yomweyo. Zonsezi pamodzi ndiye OpenWindows, 2.0 mu 1990, 3.0 mu 1991. Papepala zinkaoneka zabwino kwabasi, zitatu m'chimodzi. Koma taganizani makina a 8 MB ya memory, eya ma megabyte 8, SPARCstation 1 yotsika mtengo inkabwera ndi imeneyo. Seva yanyamula womasulira PostScript yense ngakhale inu simukugwiritsa ntchito pulogalamu ya NeWS olo imodzi, mwatsegula cmdtool, mailtool, file manager, kawotchi, memory yatha, makina ayamba swap, kutanthauza kukankhira zina ku disiki kuti apeze malo. Tsono ngati makina anu ndi aja opanda disiki, swap imeneyo ikudutsa pa Ethernet ya 10 megabit kupita ku seva ya mafayilo imene anthu ena onse a mu labu akuikanganiranso. Mwadina windo, mukudikira, mukuliona likudzijambula pang'onopang'ono kuchokera pamwamba. Munthu amene ankangofuna ma xterm anayi, mawindo otaipiramo ma command, ndi Emacs yolembera mafayilo ankalipira memory ya nkhondo ya Sun ndi makampani anzake, nkhondo imene iye sinkamukhudza n'komwe.

Chinanso chinali kutsalira m'mbuyo. MIT X Consortium, imene inakhazikitsidwa mu 1988, inkatulutsa mitundu yatsopano, X11R4 mu December 1989, X11R5 mu September 1991, ndipo mapulogalamu aulere amene anthu ankagawana pa FTP, njira yokopera mafayilo pa intaneti, ankalembedwa moganizira ya MIT yaposachedwa. Kampani iliyonse inkatenga code ya MIT, kuisintha, kuiyesa, kuiika mu release yawo ya OS, nde pofika kwa inu papita chaka kapena kuposa. Kwa Sun zinali zoipirapo poti xnews sinali seva ya MIT yosinthidwa pang'ono, inali yawoyawo. R5 inabwera ndi font server ndi zilembo zotha kukula, koma ogwiritsa OpenWindows anadikira mpaka Solaris 2.3, mtundu wa OS yatsopano ya Sun, chakumapeto kwa 1993 kuti alandire seva yochokera pa R5. Pakati ponsepo mukatenga pulogalamu kuti muikompaile, kutanthauza kusandutsa source code kukhala pulogalamu yothamanga, mwina ikufuna library, code yokonzedwa kale imene imadalira, imene kulibe, mwina mafayilo a imake, chida chokonzera kukompailako, a mu /usr/openwin sakugwirizana ndi zimene wolemba pulogalamuyo ankayembekezera, mwina yakompailika koma poyamba kuthamanga ikudandaula za symbol yosapezeka. Ngakhale ma font anali ndi mtundu wawo, font ya X wamba munkayamba mwaidutsitsa mu convertfont kenako bldfamily seva isanaizindikire. Tinthu ting'onoting'ono, koma tikachuluka tsiku lonse lapita.

Ndiye pali nkhani ya maonekedwe, imene kwenikweni inali ndale. Mu 1987 AT&T, eni ake a Unix, anagwirizana ndi Sun kuti apange Unix imodzi, ndipo mu 1988 anayambanso kugula masheya a Sun. Enawo anachita mantha, nde mu May 1988 DEC, HP, IBM, Apollo, Bull, Nixdorf ndi Siemens anapanga Open Software Foundation (OSF). Mbali ya Sun ndi AT&T inali ndi OPEN LOOK, mabatani ozungulira m'mbali, kaphini kokhomera menyu kuti isatsekeke, ndi mausi ya mabatani atatu lililonse ndi ntchito yake yoikika. Mbali ya OSF inatulutsa Motif mu 1989, maonekedwe otukuka aja ochokera ku HP, zamkati zambiri zochokera ku toolkit ya DEC, kachitidwe kofanana ndi Presentation Manager ya Microsoft ndi IBM. Ndipo kampani iliyonse inkaonjezerapo zake, DECwindows, HP VUE, AIXwindows, 4Dwm ya SGI. Wophunzira amene m'mawa wakhala pa Sun, masana pa DECstation, madzulo pa HP ankapeza kuti batani la mausi limene linkatsegula menyu uko kuno likuchita zina, scrollbar ikuyenda mosiyana, kukopa ndi kumata mawu kukusiyananso. Wolemba mapulogalamu naye ankasankha mbali kapena kulemba kawiri, ndipo ngakhale mkati mwa Sun momwemo munali ma toolkit atatu a OPEN LOOK, XView, OLIT ndi TNT ya NeWS, nde ukafunsa kuti tsogolo lili pa iti yankho linkasinthasintha.

Amene munagulapo foni n'kupeza kuti kampani yadzazamo ma app ake osachotseka, akudya memory, update ya Android ikubwera mochedwa kapena osabwera n'komwe, mukudziwa kale mmene zinkamvekera mumtima. Kusiyana kwake n'koti pa workstation chitseko chinali chosakhoma.

Chifukwa X inali zidutswa, munthu ankatha kusintha chidutswa chimodzi n'kusiya zinazo, ndipo ambiri ankayambira pa chophweka, window manager. Ichi sichinkafuna ngakhale chilolezo cha sysadmin, mungosintha mzere umodzi mu fayilo ya .xinitrc, m'malo mwa olwm ya OPEN LOOK kapena mwm ya Motif mwalemba twm, basi. twm inalembedwa ndi Tom LaStrange mu 1987 ndipo kuyambira X11R4 inakhala window manager yobwera ndi X ya MIT. Yosaoneka bwino kwenikweni, tivomereze, koma yopepuka, ndipo chilichonse chinali mu fayilo ya .twmrc imene munkalemba nokha, batani ili lichite chakuti, kiyi iyi itsegule chakuti, mitundu ikhale yakuti. Fayilo imeneyo munkayenda nayo, pa Sun, pa DEC, pa HP, kulikonse zinthu zikuchita chimodzimodzi. Kuchokera mu twm munatuluka ana ambiri, tvtwm ndi vtwm zimene zinabweretsa desikitopu yaikulu kuposa sikirini, ctwm ya Claude Lecommandeur mu 1992 yokhala ndi ma workspace, kenako fvwm ya Robert Nation mu 1993, amene cholinga chake chinali kudya memory yochepa, ndipo ndi yemweyo analemba rxvt chifukwa ankaona kuti xterm nayo ndi yolemera. Ma desikitopu angapo aja amene lero mumasinthasintha pa Windows 10 kapena pa Mac, anthu a twm ndi ana ake anali nawo kalekale.

Kuti izi zitheke pankafunika malamulo oti pulogalamu ndi window manager azimvana bwanji, amene analembedwa mu chikalata chotchedwa ICCCM, ndipo chosangalatsa n'choti amene anachilemba ndi David Rosenthal yemwe uja wa NeWS. Chikalatacho chinatchuka ndi kuvuta kwake, mapulogalamu ambiri ankachitsatira mwatheka, n'chifukwa chake nkhani ya copy ndi paste pa X inakhala yosokoneza zaka zambiri.

Olimba mtima ankapita patali, kuchotsa seva yeniyeniyo. Mumatenga source yonse ya X11R5 pa FTP ku export.lcs.mit.edu kapena kuitanitsa pa tepi, kusintha site.def kuti muuze imake komwe zinthu zikaikidwe, kulemba make World, n'kupita kunyumba poti pa makina a nthawi imeneyo zinkatenga maola. M'mawa mukuwerenga log kuona ngati sizinafere pakati. Zikatheka mumapeza Xsun, seva ya X yokhayokha yopanda PostScript, ndipo makina omwe aja a 8 MB ankapuma. Pa SunOS 4 compiler ya C inkabwera ndi OS, koma Solaris 2 itafika mu 1992 a Sun anaichotsa n'kuyamba kuigulitsa payokha, nde musanakompaile X munkayamba mwasaka gcc, compiler yaulere ya GNU, yokompaila kale. Anthu ambiri anadziwana ndi mapulogalamu aulere a GNU mwa njira imeneyi, osati chifukwa chokhulupirira zimene Richard Stallman, woyambitsa GNU, ankalalikira, koma poti kampani yawatsekera mpopi.

Tsono ndisakunamizeni kuti mbali yaulere kunali mtendere wokhawokha. Mukachotsa xnews mapulogalamu onse a NeWS afa, PageView yoonera mafayilo a PostScript yapita, a SunView nawo sakuonekanso bwino, nde ngati dipatimenti inagula pulogalamu yodula imene imadalira zimenezo mwadziputira mlandu. Makadi a zithunzi odula kwambiri, aja a 3D, makampani sankaulula mmene amagwirira ntchito mkati, ndiye seva ya MIT mwina siinkawadziwa n'komwe kapena inkawagwiritsa ntchito ngati kadi wamba, liwiro lonse limene munalipira litangokhala. Pa SGI kuchotsa seva ya kampani kunali kupusa chifukwa GL, library yawo yojambulira 3D, chinthu chimene munagulira makinawo, chinkadalira iyo. Mukaimba foni ku support n'kunena kuti mukuthamangitsa X yokompaila nokha, yankho linali lodziwikiratu, bwezeretsani yathu kaye. Komanso kusunga ziwiri pa makina amodzi kunkabweretsa matenda ake, ma library a mu /usr/openwin/lib ndi a X11R5 ali ndi mayina ofanana, LD_LIBRARY_PATH ikangoloza kolakwika pulogalamu yatenga library ya mbali ina n'kugwa. Ndipo mavuto ena sanali a kampani n'komwe. Makadi ambiri anali a 8-bit, mitundu 256 yokha nthawi imodzi sikirini yonse, pulogalamu imodzi yadyera ikatenga yambiri enawo ankasowa, kapena ikakhala ndi tebulo lake la mitundu sikirini inkathwanima mitundu yachilendo mukangosuntha mausi kuchoka windo lina kupita lina. Izi twm kapena Xsun sizikanachiza.

Pamene mbali yaulere inali yofooka zenizeni ndi pa toolkit. Ya MIT, Athena widgets, inali yosalala, yakuda ndi yoyera, scrollbar yake yofuna kuphunzitsidwa kagwiritsidwe. Motif inali yooneka bwino ndipo ndi imene inkapambana pa msika, koma inali yolipira, source ndi ndalama, kugawa ma library ake ndi ndalamanso. Chitsanzo chabwino ndi NCSA Mosaic mu 1993, browser imene inatchukitsa webu. Source yake inalipo koma inkafuna Motif, nde munthu wa pa Sun amene makina ake anabwera ndi OPEN LOOK yokha sakanaikompaila popanda kugula Motif kwina, ambiri ankangotenga binary imene a NCSA anamangiriramo Motif kale. N'chifukwa chake kunabadwa LessTif, kuyesa kulembanso Motif kuchokera pa ziro mwaulere, ndipo ena anathawira ku Tk ya John Ousterhout imene inkaoneka ngati Motif koma yopanda bilu. Chodabwitsa n'choti pa nkhani iyi a Sun ndi amene anali owolowa manja, source ya XView ndi olwm anaipereka ulere, Scott Oaks n'kupangapo olvwm yokhala ndi desikitopu yaikulu, ndipo Slackware yakale inali ndi gulu la madisiki la XView. Ndiye kuti OPEN LOOK, imene inagonja pa msika, inkapezeka ulere pa Linux pamene Motif yopambanayo munkaigula.

Nkhondo inatha mu March 1993 pamene Sun, HP ndi IBM, pamodzi ndi makampani ena a Unix, SCO, USL ndi Univel, analengeza mgwirizano wa COSE, ataona kuti pamene iwo akukangana za maonekedwe a batani Microsoft ikubwera ndi Windows NT. Sun inavomera Motif, NeWS inachotsedwa mu Solaris 2.3 n'kulowedwa m'malo ndi Display PostScript ya Adobe, ndipo onse anagwirizana pa desikitopu imodzi, CDE, yochokera kwambiri pa HP VUE. Amene anamvera Sun n'kulemba mapulogalamu awo pa NeWS kapena pa XView anangouzidwa kuti njira yasintha. Kwa ine ili ndiye linali dandaulo lalikulu kuposa kuchedwa kwa seva, poti memory mutha kugula ina, koma zaka zimene mwathera pa toolkit imene mwini wake waitaya palibe akubwezereni. Amene analemba pa Xlib ndi Xt, ma library a X a MIT, mapulogalamu awo anapitiriza kukompailika.

CDE inabwera mochedwa ndipo inali yolipirabe. Nthawi imeneyo n'kuti PC wamba itayamba kuthamangitsa X bwinobwino, Thomas Roell anali atalemba X386, seva ya X ya pa PC, ndipo mu 1992 David Dawes, David Wexelblat, Glenn Lai ndi Jim Tsillas anayambitsa XFree86 kuchokera pamenepo. Wophunzira amene anazolowera fvwm pa Sun ya ku labu ankatha kuika Linux kapena FreeBSD pa PC ya 486 kunyumba, kukopera .fvwmrc yake, n'kupeza malo omwe aja pa mtengo wochepa kwambiri. Mu October 1996 Matthias Ettrich analengeza desikitopu ya KDE, ndipo poti toolkit yake Qt inalibe laisensi yaulere mokwanira nthawi imeneyo, Miguel de Icaza ndi Federico Mena anayambitsa GNOME mu August 1997, mkangano womwe uja wa Motif kubweranso ndi nkhope ina. Ngakhale X yeniyeniyo inatsala pang'ono kutsekeredwa, X Consortium itatseka kumapeto kwa 1996 ntchito inapita ku The Open Group, amene mu 1998 anatulutsa X11R6.4 ndi laisensi yofuna malipiro kwa ogulitsa, a XFree86 anakana kuitenga, ndipo chaka chomwecho Open Group inabwerera ku laisensi yakale. Mu 2004 XFree86 nayo inasintha laisensi yake pa 4.4, ma distro, mitundu ya Linux, akuluakulu anaisiya n'kusamukira ku X.Org m'miyezi yochepa chabe, poti source ikakhala poyera woyang'anira akalakwitsa anthu amangonyamula code n'kukapitiriza kwina, zimene ogwiritsa xnews sakanachita.

Sun yomwe mu 2000 inalengeza kuti desikitopu ya mtsogolo ya Solaris idzakhala GNOME, Solaris 9 mu 2002 inasiya zida za OpenWindows, ndipo Solaris 10 mu 2005 inabwera ndi Java Desktop System imene mkati mwake inali GNOME yovekedwa dzina la Java. CDE ndi Motif zinadzamasulidwa pansi pa LGPL mu 2012, Sun itagulidwa kale ndi Oracle mu 2010, ndipo lero mutha kuzikompaila pa Linux ngati mukufuna kuona chimene anthu ankalipirira. twm ikadali m'ma repository a Debian ndi Arch, fvwm ikukonzedwabe pa dzina la fvwm3, koma ngati distro yanu inasamukira ku Wayland, yolowa m'malo mwa X, imene Kristian Høgsberg anaiyamba mu 2008, dziwani kuti kumeneko seva ndi window manager zinaphatikizidwa kukhala compositor imodzi, nde kuti muyese twm muyenera kulowa mu session ya X11 kapena kuithamangitsa mkati mwa Xephyr, seva ya X yothamanga mu windo.